Adakaona kumene njira ya makolo inkathera

Kuno ku Mecanhelas munthu akamanga chikwama m'mamawa, anansi amayamba kufunsa kuti wamwalira ndani. Maulendo odziwika ndi a maliro, a kuchipatala ku Cuamba, a kukapikula katundu ku Nampula kapena kutsidya ku Liwonde, ndi a kukaona mwana kusukulu. Ulendo wongokaona malo, wopanda chogula kapena chogulitsa, ambiri amauyesa masewera a azungu ndi anthu a m'mabungwe. Chinanso n'chakuti tchuthi chachikulu cha sukulu chimagwa mu Disembala ndi Januwale, nthawi imene chimanga chikufuna khasu ndipo mpunga wa m'madambo a Chilwa ukudikira kuwokera.

Komabe amuna awiri a m'boma lino adauyenda ulendo wotere mpaka kukafika ku Ilha de Moçambique, mzinda wakale umene uli pachilumba m'nyanja ya mchere, m'chigawo cha Nampula. Mmodzi ndi mphunzitsi wa pulayimale kufupi ndi Entre Lagos, Mnyanja, wa mpingo wa Katolika. Winayo ndi wogulitsa matemba ouma wa cha ku Chiuta, Myao, Msilamu wosaphonya Lachisanu. Ubwenzi wawo udayambira ku Malawi m'boma la Machinga, kumene makolo awo adathawira nkhondo, ndipo adaphunzira kalasi imodzi mpaka mtendere wa 1992 utabwera. Mpaka lero amaitanana kuti achimwene.

Aliyense adali ndi chake chomukoka. Mphunzitsiyo wakhala zaka zambiri akuuza ana kuti likulu loyamba la dziko lino lidali pachilumba, n'kumachijambula pabolodi, iye mwini asanaoneko ngakhale funde limodzi la nyanjayo. Wamatembayo adakula akumva kwa agogo ake kuti makolo ankayenda pansi miyezi ndi miyezi kupita kugombe, kumene Ayao amati ku mbwani, n'kubwerako ndi nsalu ndi mikanda. Adasonkherana ndalama chaka chathunthu, ndipo thumba adapatsa wamatembayo kuti asunge poti ndiye wozolowera kuwerenga ndalama pagulu.

Njanji ndi chapa

Njanji yodutsa pa Entre Lagos, imene idalumikizidwa ndi ya ku Malawi pa Nayuchi mu 1970, ndi yomweyo imene imatsikira kunyanja ya mchere. Anthu a kuno amaona mabogi a malasha a ku Moatize akudutsa kupita kudoko la Nacala, koma ndi ochepa amene adaitsatapo njanjiyi kuti aone kumene imapita.

Kuchokera pa Entre Lagos kukafika ku Cuamba ndi makilomita pafupifupi 80. Kumeneko awiriwa adagona kwa mbale, m'mawa mwake n'kukwera sitima ya anthu ya ku Nampula. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 350 ndipo umadya tsiku lonse. Sitima imadutsa pa Mutuáli, Malema ndi Ribáuè, pakati pa mapiri a mwala wokhawokha osongoka ngati zulu, ndipo ikangoima amayi amathamangira m'mazenera ndi anyezi, adyo, matimati ndi nthochi. Wamatembayo sadaone mapiri ambiri, maso ake adali pa mitengo ya anyezi.

Ku Nampula munthu amasiya njanji n'kukwera chapa chodzera ku Namialo, Monapo ndi Lumbo, makilomita pafupifupi 180. Amene akufuna kuyenda ulendowu adziwe kuti kwacha, imene kuno kumalire imagula chilichonse, kumeneko ndi pepala chabe. Atenge meticais ndi chitupa chake. Chinyanja nachonso chimatsalira m'njira. Wodziwa Chilomwe amamvana ndi Amakua a kugombe ngakhale movutikira, ndipo kwinako n'Chipwitikizi.

Pa Lumbo msewu umakwera pamlatho wotalika kuposa makilomita 3, womangidwa m'zaka za m'ma 1960. Ndi wopapatiza moti galimoto ziwiri sizipishanapo kupatula pamalo okonzedwa, ndipo malole olemera saloledwa. Uku madzi, uku madzi.

Nyanja yothawa kawiri patsiku

Adafika madzulo madzi atadzaza mpaka m'makoma a nyumba za m'mphepete. Kutacha adapeza nyanja itathawa, ngalawa zitagona cham'mbali pamchenga, amayi ndi ana ali kutali ndithu akutola nkhono m'matanthwe. Wamatembayo nkhope idagwa. Iye adaona ndi maso ake nyanja ya Chilwa ikuphwa mu 1995, monga idachitiranso mu 1968, ndipo amadziwa chimene chimatsatira: zimbowera zosiyidwa, mabwato ong'aluka padzuwa, njala m'nyumba za asodzi. Adayamba kupepesa eni malo, iwo n'kungomuseka. Asanadye nsima ya masana madzi adali atabwerera pamalo pake.

Nyanja ya mchere imatero kawiri tsiku lililonse kaamba ka mphamvu ya mwezi yokoka madzi, ndipo imathawa kwambiri mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu. Msodzi wa kumeneko amaona nthawi yonyamukira poyang'ana madziwo ndi mphepo, pakuti ngalawa zake n'za thanga, osati zopondera ndi nsungwi ngati za pa Chilwa. Madzi a Chilwa ali ndi kamchere ndithu, koma awa munthu akangolawa amalavula.

Chilumba chenichenicho n'chaching'ono modabwitsa: makilomita 3 m'litali, ndipo m'lifupi sichipitirira theka la kilomita. Chilibe mtsinje, chilibe minda. Koma kachilumba kameneka ndiko kadapereka dzina ku dziko lonse. Amalonda a Chiswahili ndi Aluya ankakochezapo kale Vasco da Gama asanafike mu 1498, ndipo akuti dzina loti Moçambique lidachokera kwa shehe wina wa pamenepo wotchedwa Mussa bin Bique. Apwitikizi adakhazikikapo mu 1507, ndipo lidakhala likulu lawo mpaka 1898 pamene adasamukira ku Lourenço Marques, yemwe lero ndi Maputo. Doko la Nacala litatsegulidwa malonda otsala adathawiranso kumeneko, mzinda n'kuyamba kugumuka. Mu 1991 bungwe la UNESCO lidauika m'gulu la malo amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasamala.

Mzinda wa miyala ndi mzinda wa macuti

Kumpoto kwa chilumbachi kuli nyumba zikuluzikulu za miyala ya m'nyanja ndi njereza, zina zopakidwa bwino, zina mitengo ya kachere itamera m'makoma. Kunsonga kwenikweni kuli linga la São Sebastião, limene adayamba kumanga mu 1558 n'kutenga zaka zoposa 50. Adatchi adalizinga mu 1607 ndi mu 1608 koma adalephera kulilanda. Mizinga ikadali pamakoma, italoza kunyanja. Chimene chidamukondweretsa mphunzitsiyo si mizingayo ayi, koma madenga: adawamanga mwakuti dontho lililonse la mvula limatsata ngalande n'kukalowa m'zitsime zazikulu za pansi, ndipo ndi madzi amenewo adasunga moyo wa asilikali pozingidwa. Munthu wa kuno, amene mu Okutobala amadzuka usiku kukadikira pamjigo pomwe mu Febuluwale madzi amalowa m'nyumba, ali ndi choti aganizirepo.

Kuseri kwa lingalo, pamwala womenyedwa ndi mafunde, kuli katchalitchi ka Nossa Senhora do Baluarte ka mu 1522, kamene amati ndiyo nyumba yakale kuposa zonse zomangidwa ndi azungu zimene zikadaimabe kummwera kwa dziko lapansi. N'kakang'ono, anthu a mphakati umodzi akhoza kukadzaza. Palinso nyumba yofiira ya São Paulo, imene idayamba ngati sukulu ya ansembe a Chijezwiti mu 1610, pambuyo pake n'kukhala ya abwanamkubwa. Lero ndi mosungira zinthu zakale: mabedi ndi mipando yosemedwa ku Goa, ndi tingolo tokokedwa ndi munthu timene mabwana ankakwera.

Nyumba zogona alendo za mbali imeneyi mitengo yake ndi ya anthu obwera pandege. Awiriwa adakapeza chipinda kummwera, ku mzinda wa macuti, kumene kumakhala anthu ambiri. Macuti ndi masamba a mtengo wa kokonati ofolerera denga, ngakhale tsopano malata akuchuluka. Chodabwitsa n'chakuti pochoka pamsewu kulowa m'mudzimo munthu amatsika masitepe, madenga ena ali pafupifupi mulingo umodzi ndi msewu. Chifukwa chake n'chakuti miyala yomangira linga ndi nyumba za mabwana idakumbidwa pamenepo, ndipo okumbawo, akapolo ndi antchito, adamanga nyumba zawo m'maenje momwemo. Mvula ikagwa madzi amadikha. Nthawi ya nkhondo anthu ambiri a kumtunda adathawira pachilumbachi, n'kupanikizana kwambiri, ndipo zimbudzi n'zochepa. Buku la kusukulu limaonetsa chithunzi cha linga. Dzenje lomwe mudachokera miyalayo sililionetsa.

Minyanga, nsalu ndi goli

Kutsidya kwa madzi, moyang'anana ndi chilumbachi, kuli Mossuril. Kumeneko ndiko kunkathera njira ya makolo ija. M'zaka za m'ma 1700 amalonda a Chiyao ndiwo ankabweretsa minyanga yambiri ya njovu yogulitsidwa ku Ilha. Ankanyamuka m'dera la nyanja ya Niassa m'chilimwe, n'kudutsa m'dziko la Alomwe ndi Amakua, minyanga ili pamapewa, kukasinthitsa ndi nsalu ndi mikanda kwa Amwenye ndi Apwitikizi. Mtunda umene awiriwa adaudandaula pamasiku 3 a sitima ndi chapa, makolowo ankaupondaponda ndi mapazi. Pambuyo pake, kaamba ka nkhondo za m'njira ndi mitengo yoipa, Ayao ambiri adatembenukira ku Kilwa, kugombe la Tanzania ya lero.

Koma katundu sadali minyanga yokha. Afalansa ankafuna anthu okalima nzimbe ndi khofi kuzilumba za Mauritius ndi Réunion. Kenaka padabwera zombo za ku Brazil ndi Cuba. Anthu ogwidwa m'midzi ya kumtunda ankatsika ndi goli m'khosi, n'kuwolotsedwa pangalawa kukatsekeredwa m'nyumba zosungiramo katundu pachilumbapo podikira chombo. Boma la Portugal lidaletsa kutumiza akapolo kunja mu 1836, koma malondawo adapitirira mobisa kwa zaka makumi ambiri m'madoko ang'onoang'ono a m'mphepetemo.

Chombo chimodzi mbiri yake ikudziwika bwino. São José chidanyamuka pa Ilha mu Disembala 1794 ndi anthu oposa 500 kupita ku Maranhão ku Brazil. Pa 27 mwezi womwewo chidasweka pamiyala pafupi ndi Cape Town. Anthu oposa 200 adamira, ndipo opulumukawo adagulitsidwanso komweko. Zotsalira za chombochi zidalengezedwa mu 2015, ndipo pamwambo wokumbukira omwalirawo adathira m'madzimo dothi lochokera ku Mozambique. Zitsulo zina za m'chombomo zidakaonetsedwa ku Washington. Maina a kapitawo ndi eni chombo adalembedwa. A anthu amene adali m'katimo sadalembedwe.

Imodzi mwa nyumba zosungiramo akapolozo idasandutsidwa malo achikumbutso otchedwa Jardim da Memória mu 2007. Ndi bwalo la makoma akale, muli zosema za mitu ya anthu, ndipo khomo lake lina latsegukira kunyanja. Apa ndi pamene tchuthi chidafuna kuwonongeka.

Mphunzitsiyo, mwina pofuna kupeputsa mtima umene udamulemera, adauza mnzakeyo moseka kuti tsopano waona kumene agogo a achimwene ankagula nsalu zija, ndiponso waona kuti mtengo wake adali agogo a iye. Anyanja a m'mbali mwa Chilwa amakumbukira ndithu za makolo obisala m'mabango ndi pazilumba pothawa ogwira anthu, ndipo dzina la mfumu Kawinga wa ku Chikala, amene Angerezi adamugonjetsa mu 1895, silidaiwalike. Nthabwala yotereyi kumudzi imanenedwa pabawo anthu n'kuseka. Pakhomo lija sidaseketse. Wamatembayo adatuluka osayankha, ndipo masana onse aliyense adayenda njira yake pachilumba chimene n'chovuta kubisalirana.

Chidawakumanitsa ndi njala, pakuti thumba la ndalama lidali kwa wamatembayo. Mphunzitsiyo adamupeza atakhala pakhoma pafupi ndi mzikiti wobiriwira wa kumsika wa nsomba. Pamenepo wamatembayo adalankhula zake. Adati agogo ake sadamubisire kuti pamaulendowo pankakhala anthu omangidwa, koma ogwira anthu adali mafumu okhala ndi mfuti, ndipo Myao wamba naye ankagona tulo ta mantha. Adafunsanso kuti nanga ogulawo ankapemphera kuti, popeza matchalitchi ali pafupi pomwepo ndi nyumba zotsekeramo anthu.

Pamenepa mbiri ili kumbali yake. M'mabuku a ogula akapolo Ayao alimo ambiri, olembedwa kuti Mujao, pamodzi ndi Amakua, Alomwe ndi anthu a kunyanja. Kumene ankafikira onsewo ankangotchedwa Mozambique, ndipo ku Madagascar zidzukulu zawo zimatchedwa Makoa. Mafumu a Chimakua nawo ankagulitsa anthu, mashehe a kugombe chimodzimodzi, ndipo akapolo opita ku Brazil kawirikawiri ankabatizidwa. Koma mphunzitsiyo naye sadaname. Nsaluzo zidagulidwadi ndi anthu, ndipo m'midzi ya kuno mukadali mabanja amene akulu amadziwa, ngakhale sanena poyera, kuti uyu agogo ake adabwera ndi chingwe. Zimatulukira pa milandu ya ufumu ndi ya malo. Awiriwa sadagwirizane kuti wolakwa kwambiri ndani. Adangonyamuka kukafuna chakudya.

Mpunga wa kokonati ndi tufo

Chakudya cha kumeneko chimafuna mtima wolimba kwa munthu wozolowera matemba, mlamba ndi makumba. Mpunga amaphika ndi madzi a kokonati. Pali nkhanu zazikulu, pali polvo, chamoyo cha miyendo 8 chopanda fupa chimene amayanika padzuwa, ndiponso ndiwo yotchedwa matapa de siri-siri, ya masamba omera m'mphepete mwa madzi amchere, yotendera ndi kokonati ndi mtedza. Mphunzitsiyo adadya zonse. Wamatembayo polvo adamukana, koma m'mawa uliwonse ankapezeka pamsika akuona m'mene amaumitsira nsomba ndi mchere, n'kumafunsa mitengo ndi manja.

Anthu ambiri a pachilumbachi ndi Asilamu, choncho iye adali ngati ali kwawo. Lachisanu adaswali mumzikiti uja ndipo adalandiridwa ngati mbale, ngakhale chilankhulo chidali chosiyana. Palinso kachisi wa Ahindu, chizindikiro cha Amwenye amene ankagwira malonda a nsalu. Amayi ambiri amayenda nkhope zili mbuu ndi mussiro, phala loyera la mtengo wopera pamwala, limene limasalalitsa khungu ndi kuteteza kudzuwa. Madzulo ena adaona gulu la amayi likuyeserera tufo, gule wa kugombeko: onse makapulana ofanana ndi mipango yofanana, atagwada m'mizere, akuvina ndi mapewa ndi manja okha motsatira ting'oma tating'ono. Palibe fumbi, palibe kudumpha. Wozolowera manganje amayamba wadabwa kuti gule ayamba liti, kenaka amapeza kuti ola latha ali chiimire.

Tsiku lina adakwera ngalawa ya thanga kuwolokera kutsidya, njira yomwe ankawolotsera minyanga ndi anthu. Wamatembayo, amene moyo wake wonse ndi wa pabwato, ndiye adadwala mafunde. Mphunzitsiyo sadanenepo kanthu, poti adali ataphunzira kusunga nthabwala.

Nyengo yake

Amene angafune kutsata mapazi awo aganizire za nyengo. Disembala mpaka Malichi kugombeko kumatentha kwambiri, udzudzu ndi wambiri, ndipo ndiyo nthawi ya anamondwe. Namondwe Gombe adaomba gombe la Nampula mu Malichi 2022, ndipo Jude adalowera cha ku Mossuril mu Malichi 2025, kusasula madenga ndi kudula misewu. Mlimi kapena wamalonda angachite bwino kupita atakolola, kuyambira Juni mpaka Okutobala, ndalama ya mpunga ikadali m'thumba ndipo kumwamba kuli koyera. Aphunzitsi okha ndiwo alibe kosankha kwenikweni.

Awiriwa adakhala pachilumbapo masiku 5. Adafupikitsa ndi tsiku limodzi atamva pawailesi kuti kunyanja kukubadwa mphepo, poopa kutsekeredwa kutsidya kwa mlatho ndalama zitatha. Pobwerera wamatembayo adagula thumba la anyezi pa Malema, ndipo phindu lake lidabweza mbali ya ndalama ya sitima. Mphunzitsiyo adapeza munda wake udzu utafika m'mawondo. Mayi a kunyumba adali atalemba aganyu pangongole, ndipo ngongoleyo idadya malipiro a Januwale.

Iye adabwera ndi botolo la madzi a m'nyanja ya mchere, ndi kamwala kamene adatola pansi pa masitepe otsikira ku macuti. Sukulu itatsegulidwa botololo lidayenda m'kalasi, mwana aliyense kuviika chala n'kulawa, ndipo lidatha lisanafike kumabenchi a kumbuyo. Kamwalako kali pawindo la kalasi. Mwana akafunsa, mphunzitsiyo amayambira pa dzenje limene kadachokera, kenaka Mossuril, kenaka chombo cha São José, ndipo za linga ndi mizinga amanena belu litatsala pang'ono kulira.